Kujambula nkhawa ya tenanti m'chigafa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake zithunzi zanu za matenanti a fodya ku Kasungu zikuoneka ngati za opempha thandizo, pomwe inu mumafuna zionetse nkhawa ndi kuponderezedwa. Vuto ndi nkhope. Munthu akayang'ana kamera ali ndwii, woona amangomva chisoni n'kupitirira.

Cha m'ma 6 koloko m'mawa lowani m'chigafa, fulashi muzimitse. Munthuyo aime chammbali, kuwala kumenye tsaya limodzi, linalo likhale mumdima. Pa kamera ikani f/2.8 (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala), liwiro lojambulira 1/125 ya sekondi, ISO 800 (mphamvu ya kamera yomvera kuwala). Mukatsika pansi pa 1/60 kamera ili m'manja, chithunzi chimagwedera. Pimani kuwala pa tsaya lowalalo, apo ayi kamera iwalitsa mdima wonse, nkhawa ija n'kutha.

Musamuike pakati pa chithunzi. Akhale pakona yam'munsi, fodya alendewere pamwamba pake ngati akumupsinja. Chidzudzulo chisiyireni zinthu: sikelo, kope la ngongole ya chimanga, zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Manja okha atagwira kopelo amakwana, komanso amabisa mwiniwake. Bwana akamuzindikira pa Facebook, wothamangitsidwa pa esiteti ndi iyeyo, osati inu, choncho muuzeni komwe chithunzicho chikupita asanavomere.