Mwana wasiya kufunsa mafunso chiyambireni sukulu

Mayi, musamukalipire mwanayo. Madzulo aliwonse khalani naye mphindi 10 zokha: atseke kope, akufotokozereni zomwe waphunzira m'Chinyanja, m'mawu akeake. Akalakwitsa, yambani mwamufunsa kuti waganiza bwanji, kumukonza kubwere pambuyo.

Ana ambiri kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, amaphunzira m'Chipwitikizi chomwe sachilankhula kunyumba, ndiye amangoloweza n'kumabwereza ndi kalasi yonse kuti apeze malikisi 10 pa 20 okhozera mayeso. Kunyumba nako timawauza kuti mwana safunsafunsa akulu akamalankhula. Apa m'pamene chidwi chimafera, ndipo n'zomvetsa chisoni. Kafunseni aphunzitsi aakulu ngati pasukulupo amaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri.

Koma ngati sakuyankhanso mukamuitana, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu.