Kafyuluta kameneko kasiyeni achimwene

Achimwene, kafyuluta kakang'ono kosefera madzi a nsomba kamene mwajambula n'kufunsa zogulako musagule ayi, makamaka poti mwati goldfish zanu, nsomba zoweta m'nyumba zija, ndi zinayi mu thanki ya malita 40. Kotereko ndi kamene kanandiphera nsomba zisanu tsiku limodzi kuno ku Nchalo, ndipo nditangoona chithunzi chanucho mtima wayambanso kuwawa.

Kafyulutako ndi nsombazo ndinagula kwa mnyamata wina wogulitsa nsomba zoweta m'nyumba ku Blantyre. Ndinamufunsa kawiri konse, kumuuza kuti kwathu ndi kuchigwa, kumatentha, iye amvekere "bwana aka ndi kokwanira, nsombazi sizivuta." Ndinatsika nazo mapiri a ku Chikwawa pa minibasi, jumbo ili pamiyendo ngati khanda. Pasanathe milungu iwiri madzi anayamba kuchita mbuu ndi kafungo. Kumuimbira, akuti ingotsukani kasiponji ka m'fyulutamo pampopi tsiku ndi tsiku. Ndinatsukadi.

Ndiye kunabwera dzuwa la Okutobala lija mukulidziwa, lodutsa madigiri 40, malata akuthetheka. Magetsi anazima cha m'ma 10 m'mawa. Mwana wanga wamkazi anandiimbira ndili kuntchito, akulira, akuti adadi nsomba zonse zili pamwamba zikungoyasamula. Ndinakwera kabaza. Kufika, kupisa dzanja, madzi ofunda ngati osamba. Zitatu zinali zitagona kale chammbali, zipsepse zili ndi timizere tofiira ta magazi. Ziwiri zinkapuma mwawefuwefu. Ndinatunga madzi ozizira a mumtsuko n'kumathira pang'onopang'ono, kwinaku ndikutunga ndi kapu n'kumagwetsa kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, thukuta lili kamukamu, mwana atagwira malaya anga. Yaikulu ija ankaikonda inalimba mpaka dzuwa kupendeka, kenako inangotembenuka. Tinazikwirira pansi pa mtengo wa nimu, iye anakana nsima usiku umenewo.

Mnyamata uja nditamuuza, akuti mwina munazidyetsa kwambiri, kenako kundibuloka pa WhatsApp. Munthu wopanda chisoni! Ankadziwa bwino lomwe kuti goldfish imadya osakhuta ndipo imachita chimbudzi chambiri, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya m'madzi. Ntchito ya fyuluta si kukola zinyalala kokha. M'siponji mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, kenako nitrate yemwe ululu wake ndi wochepa, ndipo kuti achuluke pamatenga milungu 4 mpaka 6. Klorini wa m'madzi apampopi amawapha. Ndiye kuti tsiku lililonse ndinkapha chitetezo cha nsomba zanga pomvera iyeyo. Komanso madzi akatentha mpweya umachepa, amoniya n'kumaluma kwambiri, pomwe goldfish ndi nsomba yokonda madzi ozizirirapo.

Pa bokosi la fyuluta amalemba L/h, kutanthauza malita amene imapopa pa ola limodzi. Tengani yoti izizunguliza madzi onse kasanu kapena kuposa pa ola limodzi, thanki ya malita 100 ndiye 500 L/h kupita m'tsogolo. Yaikulu, musaumire ndalama. Ndipo malita 40 anuwo ndi ochepa ngakhale kwa imodzi, zimenezi zimakula kufika masentimita 20.

Koma kunena zoona, panopa ndili ndi ziwiri zokha mu malita 120, ndipo chikuzisunga ndi fyuluta ya siponji yotchipa, yoyendera kapampu ka mpweya ka USB kamene ndimalumikiza ku power bank. Fyuluta yokwera mtengo, magetsi akazima, imangokhala phee ngati mwala. Siponjiyo muzifinyira m'madzi amene mwachotsa mu thankimo. Muzisintha kotala ya madzi mlungu uliwonse, apampopi muzithira mankhwala ochotsa klorini, a pamjigo yambani mwalawa chifukwa mijigo ina kuno ndi yamchere. Thanki ikhale kutali ndi windo, ndipo tsiku lotentha kwambiri musazipatse chakudya.