Nyimbo za James Bond wotsatira apeke ndani? Ndikuyankha achimwene omwe andilembera

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, akuti mafilimu a 007 anayamba kuonera ali mwana ndipo mpaka pano sanasiye. Funso lawo mwachidule ndi ili: poti filimu yatsopano ya Bond ayipereka m'manja mwa dayirekitala Denis Villeneuve, ndipo Villeneuve yo amayenda ndi wopeka nyimbo za mafilimu Hans Zimmer, si ndiye kuti nkhani yatha kale, Zimmer ndi amene apeke nyimbo zake? Akuti nanga alipo wina womposa?

Achimwene zikomo, koma apa nde tisemphana pang'ono. Choyamba tisasokoneze zinthu ziwiri. Pali nyimbo ija imaimbidwa filimu ikamayamba, ya Shirley Bassey, Adele, Billie Eilish ndi anzawo, nde pali zoimba zomwe zimamveka pansipansi filimu yonse, galimoto zikamathamangitsana, Bond akamalowa mu kasino, mkazi akamamuyang'ana mwachinyengo. Tikamati wopeka nyimbo za filimu tikunena mwini wa zachiwirizi, ndipo kalelo munthu yemweyo ankapekanso yoyamba ija. Mfundo yanga yonse yagona pamenepa.

Kanyimbo ka gitala kaja aliyense amakadziwa, ngakhale amene sanaonerepo Bond, kanayamba mu Dr. No mu 1962. Anakapeka ndi Monty Norman, koma anakakonza nkukaveka malipenga ndi John Barry, ndipo mkangano woti mwini wake weniweni ndani unafika mpaka kukhoti, Norman anawina mulandu ndi nyuzipepala ya Sunday Times mu 2001. Amene anaimba gitalayo, Vic Flick, analipidwa mapaundi 6 basi, tangoganizani. Kuchokera apo Barry anapeka zoimba za mafilimu 11 a Bond, kuyambira From Russia with Love mu 1963 mpaka The Living Daylights mu 1987, nde zomwe makutu athu amati "izi ndi za Bond" kwenikweni ndi dzanja la Barry, malipenga okuwa ngati akukalipa, mavayolini oyenda pang'onopang'ono, kenako kachisoni kena kobisala kumbuyo. Mkuluyu ankati akapeka nyimbo yoyambirira, amaiphwanya nkuimwaza mufilimu monse, mwina pa chitoliro, mwina pa lipenga, moti mukamatuluka mukuiimba osadziwa kuti mwaimva kakhumi.

Barry akasowa ankabwera alendo, George Martin wa ma Beatles uja mu 1973, Marvin Hamlisch mu 1977, Bill Conti mu 1981, Michael Kamen mu 1989. Onsewa filimu imodzi imodzi nkumapita. Ena anachita bwino ndithu, koma mukamvera za Hamlisch ndi Conti lero mumangodziwiratu chaka chake chifukwa disko yachuluka.

Koma phunziro lalikulu ndi la 1995. Bond anali atakhala zaka 6 osatuluka, akubwera ndi nkhope yatsopano ya Pierce Brosnan, nde eni filimu anati tiyeni tisinthe zonse, anatenga Éric Serra wa ku France, yemwe nthawi imeneyo dzina lake linali pamwamba chifukwa cha mafilimu a Luc Besson. Munthu waluso, palibe angatsutse. Koma zomwe anabweretsa mu GoldenEye zinali za makiyibodi ndi phokoso ngati zitsulo zikugundana mufakitale, moti pa sini ija Bond akuyendetsa thanki ya nkhondo m'misewu ya St Petersburg mapulodyusa anakana zomwe anapanga, anaitana John Altman kuti apeke zina mwachangu zokhala ndi kanyimbo ka Bond kaja. Ineyo za Serra sindidana nazo, pena zimagwirizana ndi kuzizira kwa Russia, koma sanamuitanenso. Nde mukamati tingotenga amene watchuka panopa, kumbukirani kuti zinayesedwapo kale.

Amene anabwera pambuyo pake analowa mwanjira ina. David Arnold anali kale wopeka nyimbo za mafilimu, komanso wokonda Bond ngati inu ndi ine, anapanga chimbale chake chotchedwa Shaken and Stirred momwe anakonzanso nyimbo zakale za Bond ndi oimba atsopano, Barry atamva anakauza pulodyusa wa mafilimu a Bond, Barbara Broccoli, kuti mnyamata uyu mutengeni. Anapanga mafilimu 5, kuyambira Tomorrow Never Dies mu 1997 mpaka Quantum of Solace mu 2008. Ndipo ntchito yomwe ine ndimamuvulira chipewa ndi Casino Royale ya 2006. Poti nkhani yake ndi ya Bond asanakhwime, Arnold anakaniza kanyimbo kotchuka kaja filimu yonse mpaka kumapeto kwenikweni, amangokununkhitsani pang'ono nkubweza, m'malo mwake amagwiritsa ntchito nyimbo yomwe anapeka limodzi ndi woimba Chris Cornell, yoyambirira ya filimuyo. Kudziletsa kotereku kumafuna munthu woidziwa nyumbayo mpaka kuchipinda.

Kuyambira 2012 zinthu zinasintha, ndipo apa achimwene mukunena zoona ndithu, masiku ano dayirekitala amabwera ndi munthu wake. Sam Mendes anabwera ndi Thomas Newman yemwe anagwira naye kuyambira American Beauty, nkupanga Skyfall ndi Spectre. Cary Fukunaga naye anabwera ndi Dan Romer, mnzake wa mu Beasts of No Nation, koma sizinayende, Romer anachoka ntchito ili mkati ndipo kumayambiriro kwa 2020 anaitana Zimmer kuti adzazimitse moto mu No Time to Die, mothandizana ndi Steve Mazzaro, Johnny Marr ali pa gitala. Nde onani, Zimmer wa Bond tinamumva kale. Ndipo malo omwe anthu ambiri anagwidwa mtima mufilimu imeneyo ndi pomwe anabwereka nyimbo ya Barry ya mu 1969, ija anaimba Louis Armstrong. Zake zake za Zimmer zomwe mungaimbe muli kubafa ndi ziti? Ine ndayesa kukumbuka, palibe.

Sikuti ndikunyoza mkuluyu ayi, Dune, filimu ya Villeneuve, anatenga nayo mphoto ya Oscar ndipo anayenera. Koma mphamvu yake ndi chiphokoso chachikulu chonjenjemeretsa mipando, chokomera chipululu ndi mlengalenga, pomwe Bond amafuna nyimbo yoti ili ndi mutu ndi mchira, yamatama pang'ono, yoseka chamumtima. Komanso musaiwale kuti Villeneuve sanayambe ndi Zimmer, Prisoners, Sicario ndi Arrival anapanga ndi Jóhann Jóhannsson wa ku Iceland yemwe anamwalira mu 2018, nde si munthu woti khutu lake linamangidwa pamalo amodzi.

China chomwe chikundidetsa nkhawa nchakuti kuyambira February 2025 Barbara Broccoli ndi pulodyusa mnzake Michael G. Wilson anapereka chiwongolero kwa kampani ya Amazon MGM. Anthu awiriwa ndi amene ankatha kuuza dayirekitala kuti ayi bambo, izi si za Bond, bwererani. Pano wosewera akhala watsopano, mapulodyusa Amy Pascal ndi David Heyman ndi atsopano, wolemba Steven Knight watsopano, nde chotsala chotikumbutsa kuti tidakali m'nyumba yomweyo ndi nyimbo basi.

Atandifunsa ine, ndingati abweze David Arnold, anayambitsapo kale Bond watsopano ndipo zinatheka. Akafuna magazi atsopano, Daniel Pemberton, mverani zomwe anachita mu The Man from U.N.C.L.E. ya 2015, komanso mu sewero la pa TV la Slow Horses anapeka nyimbo yoyambirira limodzi ndi Mick Jagger, kutanthauza kuti amatha kukhala pansi ndi woimba wamkulu nkutulutsa chinthu chimodzi. Aliyense angamutenge, amulole alowe nawo mu nyimbo yoyambirira, ndipo akhale woti atsala mafilimu atatu kapena anayi, osati woti dayirekitala akanyamuka nayenso wanyamula chikwama.

Musanandiyankhe achimwene, kaonereninso mphindi zomaliza za Casino Royale, pomwe Daniel Craig, wosewera Bond, wavala suti, mfuti ili m'manja, waima pamasitepe a nyumba ija m'mbali mwa Lake Como, akutchula dzina lake. Mukweze voliyumu, kenako mundilembere.