Nyumba yakale ya pafamu: kodi ndi malo oyenera kuikapo ndalama za penshoni?

Mayi wina amene akupuma pa ntchito ya unamwino mumzinda wa Lilongwe walemba motere: "Kwathu ku Thyolo, pafupi ndi mudzi umene ndinabadwira, kuli nyumba yakale ya pafamu imene inamangidwa m'nthawi ya atsamunda. Banja limene linaigula pambuyo pake likuigulitsa pamodzi ndi mahekitala anayi. Ili ndi khonde lozungulira, zipinda zisanu ndi chumuni, koma denga likudontha ndipo simunagone munthu kwa zaka zingapo. Ndalama za penshoni zimene ndilandire nthawi imodzi zikungokwanira kugulira nyumbayo. Ndikuganiza zotenga ngongole kubanki kuti ndiikonze, ine ndizikhala mbali imodzi, ndipo zipinda ziwiri zizigonamo alendo olipira kuti ngongoleyo izibwezedwa. Kodi maganizo amenewa ndi abwino?"

Mayi, nyumbayo mutha kuigula, koma osati mwa njira imene mwafotokozayi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mtengo wogulira ukudya ndalama zanu zonse, pamene pa nyumba yoti yakhala nthawi yaitali ikudontha, ndalama zokonzera zimatha kufanana ndi zogulira, mwinanso kuposa. Mukatero mudzayamba moyo wopuma pantchito muli ndi ngongole, nyumbayo ili chikole kubanki, ndipo chiyembekezo chanu chonse chili pa alendo amene simunawaone n'komwe.

Tiyambe ndi masamu a ngongoleyo. M'chaka cha 2024 Banki Yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda amawonjezera pamenepo, moti m'chaka chimenecho ngongole ya munthu wamba inkadutsa 30 peresenti. Tiyerekeze kuti mwakongola K20 miliyoni pa 33 peresenti. Chiwongoladzanja chokha cha chaka choyamba chikhala pafupifupi K6.6 miliyoni, kutanthauza K550,000 mwezi uliwonse musanayambe n'komwe kuchepetsa ngongole yeniyeniyo, ndipo m'miyezi imene amisiri ali padenga simudzakhala mlendo ngakhale mmodzi. Onjezani apo kugwa kwa Kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Malata, misomali, penti ndi mawaya a magetsi zimadalira ndalama zakunja, kotero kuti mtengo umene mmisiri wakuuzani lero sudzakhala womwewo pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Musanapereke ngakhale dipoziti, fufuzani mapepala a malowo, chifukwa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje ili ndi mbiri yovuta. Yambiri inachokera pa zikalata za umwini zimene boma la atsamunda linapereka kwa azungu m'zaka za m'ma 1890, m'nthawi ya Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa bomalo, ndipo kuchokera apo yakhala ikugawidwa, kugulitsidwa ndi kusiyidwa ngati chuma chamasiye, nthawi zina popanda kusintha dzina m'kaundula. Pezani loya wanu, osati wa ogulitsawo, apite ku ofesi ya za malo ku Blantyre akaone kuti malowo ali m'dzina la yani, ngati ndi a lizi (obwereka kwa zaka zowerengeka), kwatsala zaka zingati, ngati pali ngongole ya msonkho wa malo, komanso ngati sanaperekedwe chikole kubanki ina. Malo a lizi sasinthidwa umwini popanda chilolezo cha Unduna wa za Malo. Mwanena kuti likugulitsa ndi banja, ndipo mawu amenewo andichititsa kuima kaye. Ngati mwini wake weniweni anamwalira, wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha kukhoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye, apo ayi mwana wina amene ali kunja adzabwera patapita zaka ziwiri n'kunena kuti iye sanavomereze.

Kenaka lembani katswiri woyeza malo kuti apeze mabikoni onse osonyeza malire a malowo inu muli pomwepo. Ku Thyolo malo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndipo munda umene wakhala wopanda mwini wooneka kwa zaka zingapo sukhala wosalimidwa. Mutha kupeza kuti mahekitala anayi a papepala atsala atatu, ndipo hekitala inayo ili ndi chimanga, nthochi, mwinanso nyumba za anthu. Lamulo limatha kumvera munthu amene wakhala pamalo poyera kwa zaka 12 popanda womuletsa, ndiye nkhani yotereyi ithetsedwe ndi ogulitsawo musanalipire, kapena mtengo utsike molingana ndi malo amene mulandiredi. Funsaninso ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa pansi pa lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana. Nyumba zambiri za m'mafamu sizili pa mndandandawo, koma imene ilipo simungaigwetse kapena kuisintha maonekedwe popanda chilolezo.

Mapepala akakhala bwino, lipirani injiniya wa zomangamanga kuti aiyendere tsiku lathunthu ndipo akupatseni lipoti lolemba. Ndalama imeneyi anthu amaiona ngati yotaya, koma lipotilo ndi limene mudzagwiritse ntchito ponenerera mtengo. Akwere m'siling'i akabaye mitanda ndi mapaso kuti aone pamene chiswe chadya, chifukwa thabwa limaoneka lamoyo kunja pamene mkati muli dothi lokhalokha. Aone ming'alu ya m'makoma, makamaka yopendekera imene imayambira pa ngodya za mawindo, poti imeneyo imasonyeza kuti maziko akutitimira. Funsani anthu oyandikana nawo mmene madzi anayendera pamalopo nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Ngati mbali ina ya denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi, monga zinalili nyumba zambiri zokonzedwa m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970, asaiswe kapena kuicheka mwachisawawa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo inu monga namwino mukudziwa bwino zimenezi kuposa ine.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene kumawononga nyumba zakale kuposa mvula, ndipo amachita ndi amisiri a zolinga zabwino. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi njerwa zootcha zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo pulasitala wake analinso wa laimu. Khoma lotere limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso kukacha. Mmisiri wa masiku ano akafika amagumula pulasitala wakaleyo, n'kumata simenti yolimba, pamwamba n'kupaka penti wamafuta. Kwa chaka chimodzi khomalo limaoneka lokongola, koma chinyezi chochokera pansi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimayamba kufumbutuka, ndipo pulasitala watsopanoyo amatupa n'kugwa zigamba zikuluzikulu. Ku Thyolo, kumene chiperoni chimanyowetsa makoma ngakhale mu June ndi July, vuto limeneli limafulumira. Funani mmisiri wachikulire amene anagwirapo ntchito ya laimu m'maesiteti a tiyi kapena pa nyumba za mishoni, ndipo mulembe m'pangano kuti makoma akale akonzedwe ndi laimu.  Chimodzimodzinso zitseko, mafelemu ndi matabwa apansi: ngati ndi a mkungudza wa ku Mulanje, musalole kuti achotsedwe n'kuikapo zitsulo, chifukwa mtengo umenewu chiswe sichiudya, watsala pang'ono kutha m'phirimo, ndipo simungaupezenso mwalamulo. Samalaninso ndi mmisiri amene akufulumira kukuuzani kuti matabwawo ndi otha ntchito ndipo iye akuthandizani kuwataya.

Ntchito iyende motsatana ndi mmene madzi amayendera. Yambani ndi denga pakati pa May ndi October, kenaka ngalande zochotsa madzi kuzungulira maziko, kenaka mankhwala a chiswe, ndipo mukatero muisiye nyumbayo iume nyengo imodzi musanakhudze pulasitala ndi penti. Mawaya akale a magetsi achotsedwe onse. Ngati mzere wa ESCOM uli kutali, funsani mtengo wokokera magetsi musanagule nyumbayo, poti ukhoza kukukakamizani kuyamba ndi sola. Konzani chipinda chimodzi, khitchini ndi bafa, mulowe, ndipo zipinda zinazo muzizikonza chimodzichimodzi ndi ndalama ya penshoni ya pamwezi. Kukhalamo msanga kumapulumutsa lendi ya m'tauni, ndipo simenti ndi malata sizisowa kawirikawiri pamalo pamene mwini wake amagona pomwepo. Mmisiri mumulipire gawo lililonse likatha ndipo injiniya waliona, ndipo zipangizo muzigula nokha.

Za alendo, n'zoona kuti nyumba zakale zimakopa anthu. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882, mpaka lero imalandira anthu odzaona zojambula, kudya ndi kuwerenga mabuku a mbiri yakale. Ku Thyolo komweko, esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923, inasandutsa nyumba ya banjalo, Huntingdon House, kukhala malo ogona alendo. Koma onani chimene chili kumbuyo kwa malo amenewo: minda ya tiyi yoti alendo ayendemo, fakitale, antchito ophunzitsidwa ndiponso dzina lodziwika kunja. Inu mudzakhala ndi zipinda ziwiri pa msewu wafumbi umene mwina galimoto yaing'ono siidutsa mu January ndi February. Mudzafunikanso chiphaso cha nthambi ya zokopa alendo ndi cha khonsolo, ndipo ngati lizi yanu ndi ya ulimi, pafunika chilolezo chosintha ntchito ya malowo. Bizinesiyo muiyese m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo ndalama yake ikhale yowonjezera, osati yobwezera ngongole. Pakadali pano mundawo ndi umene ungakupatseni kenakake msanga. Dera la Bvumbwe limadziwika ndi ndiwo zamasamba ndi ng'ombe zamkaka zimene msika wake uli ku Limbe ndi Blantyre, pamene makadamiya, ngakhale ali ndi mtengo, amatenga zaka zinayi kapena zisanu asanayambe kubereka.

Mudziwo musauone ngati nkhani yapambali. Nyumba zoterezi zimakumbutsa akuluakulu za thangata, pamene makolo awo ankagwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pamalo, ndipo kubadwira kwanu komweko sikufafaniza zimenezo mukangolowa m'nyumba ya pakhonde lalikulu. Kaonekereni kwa nyakwawa ndi gulupu musanasaine chilichonse, ndipo mufunse ngati m'mundamo muli njira imene anthu amadutsa, kasupe amene amatungapo madzi kapena manda. Kutseka njira ya kumadzi ndi mpanda wa waya kudzakutayitsani ndalama zambiri pa alonda kuposa zimene mukanataya posiya kanjirako. Ganyu ndi ntchito ya ulonda ziyambire kwa anthu a pomwepo, pa malipiro olembedwa osatsika pa amene boma linakhazikitsa. Ikaninso m'bajeti ya mwezi ndalama yodziwika ya zovuta, matenda ndi fizi za achibale, chifukwa mayi wopuma pa unamwino amene wabwerera kwawo adzagogoderedwa pakhomo usiku ndi usana, ndipo ndi bwino kudziwiratu malire a thumba lanu.

Choncho nenererani mtengo pogwiritsa ntchito lipoti la injiniya ndi la woyeza malo, mpaka mutsale ndi ndalama yokwanira denga lonse ndi chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi. Ogulitsawo akakana kutsitsa, afunseni ngati angakugulitseni nyumbayo ndi hekitala imodzi yokha, malowo atagawidwa mwalamulo. Zonsezi zikakanika, isiyeni.

Funso lina lofanana nalo lachokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Bambo awo anamwalira n'kusiya nyumba ya pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ana alipo asanu ndi mmodzi, ndipo wofunsayo ndi amene akutumiza ndalama zoikonzera kuti adzakhalemo akadzabwerera. Akufunsa ngati apitirize.

Bambo, imani kaye kutumiza ndalama za simenti mpaka zinthu ziwiri zitalongosoka. Choyamba, malinga ndi lamulo la 2011 la chuma chamasiye, ngati panalibe wilo nyumbayo si yanu nokha, ndipo ndalama iliyonse imene mukuikapo ikukweza mtengo wa katundu amene mayi anu, ngati ali moyo, ndi abale anu onse ali ndi gawo. Khalani pansi monga banja, pakhale mboni, mulembe kuti ndalama zanu zidzawerengedwa bwanji: kaya mugula magawo a anzanuwo, kaya mudzabwezeredwa nyumbayo ikadzagulitsidwa. Chachiwiri, maesiteti ambiri a fodya a ku Kasungu ndi Mchinji anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pa lizi za zaka zowerengeka, ndipo zambiri mwa izo zinatha kale popanda kukonzedwanso. Tumani loya akaone ku ofesi ya za malo ku Lilongwe ngati lizi ya bambo anu ikadali ndi moyo ndiponso kuti msonkho wa malo wotsalira ndi wochuluka bwanji. Zikalongosoka, muzilipira sitolo ya zipangizo mwachindunji, mmisiri alandire ndalama gawo likatha, ndipo woyang'anira ntchitoyo akhale munthu amene mukumulipira komanso mungathe kumuchotsa popanda kudanitsa banja.