Lowani mu komitiyo, koma imvani zimene zinandionekera

Achemwali, mwandikumbutsa zinthu zowawa kwambiri. Komiti ngati imene akusankhiraniyo, yokonza kuntchito chikondwerero cha Hispanic Heritage Month, mwezi umene ku America amalemekeza anthu a Chilatino, ochokera ku mayiko olankhula Chisipanishi, inenso ndinakhalamo pa nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ndipo ndinatulukamo ndi kalata yochenjezedwa m'manja.

Pamalo pathu paja ochapa zovala, ophika ndi okolopa pafupifupi onse anali amayi ochokera ku Guatemala, Honduras, El Salvador ndi Mexico. Ndinawauza anzanga a mu komiti kuti mweziwu umayamba pa 15 Seputembala chifukwa ndi tsiku limene Costa Rica, El Salvador, Guatemala, Honduras ndi Nicaragua amakumbukira ufulu wawo wa mu 1821, Mexico n'kutsatira pa 16, choncho kunali koyenera kuti eni akewo akhale patsogolo. Ndinapempha kuti amayiwo apatsidwe ola limodzi lolipidwa, akhale pansi, adye, ndipo amene akufuna afotokoze za kwawo. Bwana wathu anangovomera ndi mutu, kenako anakagula zipewa zikuluzikulu za sombrero ndi ndevu zomata, n'kunena kuti zokonzekera zatha.

Tsikulo litafika, amayi aja anali atadzuka usiku kuphika tamales ndi pupusas ndi ndalama za m'thumba mwawo, popeza anauzidwa kuti aliyense abweretse chakudya cha kwawo. Anawaimika kuseri kwa tebulo, atavalabe yunifolomu, akugawira anthu a mu ofesi amene ankajambulana zithunzi atavala zipewa zija. Mayi wina wachikulire wa ku Guatemala, amene kwawo amalankhula K'iche' ndipo Chisipanishi chenichenicho anachita kuphunzira, anauza mnzake m'Chisipanishi kuti akatenge mbale zina. Bwana uja, chipewa chili kumutu, anamukalipira pamaso pa anthu onse kuti pamalo pano timalankhula Chingerezi chokha. Chipinda chonse chinakhala chete. Mayiyo, amene msinkhu wake ndi wa mayi anga ondibala, anapepesa kawiri, manja akunjenjemera, napitiriza kugawa chakudya chimene iye mwini sanalawe n'komwe. Ine sindinathe kupirira, ndinanena pomwepo kuti n'zochititsa manyazi kunyoza chilankhulo cha munthu pa tsiku limene tikuti tikumulemekeza. Sabata yotsatira anandilembera kalata yoti ndinachita mwano, ndipo mashifiti anga a Loweruka ndi Lamlungu, amene ndinkadalira potumiza fizi ya ana kumudzi, anapatsidwa kwa wina.

Bwana ameneyu sindimumvetsa mpaka lero. Zithunzi za tsikulo anaziika pa Facebook ndi mawu oyamikira kusiyanasiyana kwa antchito, koma amayi amene anaphika sanaonekemo ngakhale mmodzi. Zinali ngati kumuitanira munthu ku ukwati wake womwe n'kumutuma kukatsuka mbale. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti anthu a Chilatino ku America kuno ndi oposa 62 miliyoni, ndipo aliyense amene wagwirapo ntchito yomanga, ya m'minda kapena ya m'mafakitale opanga nyama akudziwa amene amanyamula ntchito zolemetsazo. Pamene mlatho wa Francis Scott Key unagwa ku Baltimore pa 26 Malichi 2024, amuna asanu ndi mmodzi amene anafa anali akukwirira maenje a pamsewu usiku, ndipo anali ochokera ku Mexico, Guatemala, Honduras ndi El Salvador. Anthu oterewa sungawathokoze ndi ndevu zomata, uku ukuwaletsa kutsegula pakamwa.

Komabe, achemwali, musakane udindowo, chifukwa mukakana adzaikapo wina amene sadzafunsa chilichonse. Musanapite ku msonkhano woyamba, kakhaleni pansi ndi anzanu a Chilatino muwafunse zimene akufuna, ndipo musadabwe ena akakuuzani kuti chikondwerero alibe nacho ntchito, akufuna malangizo a chitetezo olembedwa m'Chisipanishi ndi mwayi wokwezedwa pa udindo. Muumirire kuti kampani igule chakudya ndi ndalama zake, makamaka ku lesitilanti ya eni akewo, komanso kuti ogwira ntchito usiku asaiwalidwe. Ngati mukufuna munthu woti mufotokoze mbiri yake, pali Dolores Huerta, amene anathandiza kukhazikitsa bungwe la antchito a m'minda ku California mu 1962, ndipo nkhani yake ndi ya malipiro ndi ulemu wa wantchito.

Chinthu choipa chikachitika, musamuyankhe bwana pagulu. Ine sindinong'oneza bondo kuti ndinalankhula, ndipo ndikhoza kulankhulanso, koma inu muli ndi ana ang'onoang'ono. Lembani tsiku, nthawi, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene analipo, mutumize pa imelo ku ofesi yoona za antchito, n'kusunga kope lanu kunyumba. Lamulo la Civil Rights Act la mu 1964 limaletsa tsankho lotengera dziko limene munthu anachokera, ndipo bungwe la boma loona za tsankho pantchito, la EEOC, limati kukakamiza Chingerezi chokha kumaloledwa pokhapokha ntchitoyo ikufunadi zimenezo. Dandaulo ku EEOC limayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chichitikireni nkhaniyo, ngakhale m'madera ena amalola mpaka 300, choncho musazengereze poyembekezera kuti bwana adzapepesa.