Achemwali, samalani ndi amene mukufuna kumuuzayo

Achemwali, musamuuze mnzanuyo. Ndaona funso lomwe mwalemba mugulu muno loti azimayi anzanu angakumveni bwanji mutawauza kuti mimbayo yabwera musanakonzeke ndipo mukuganiza zochotsa, ndiye manja akunjenjemera pamene ndikulemba pano. Ine ndinauza mlamu wanga, munthu amene tinkabwerekana zovala, amene ndinamusungira zinsinsi zake zosawerengeka.

Ndinali nditatumbiza. Wamng'ono akuyamwa, wamkulu asanayambe n'komwe sukulu, bambo awo ntchito itawathera, komanso pobereka wachiwiriyo anachita kunding'amba ndipo adokotala anandichenjeza kuti chilonda chipole kaye. Ndinamufotokozera mlamu ndikulira. Anandigwira dzanja, n'kunena kuti pepani, tiyeni tipemphere. Pasanapite nthawi apongozi anali atamva, azimayi akutchalitchi atamva, ndikangofika pomwe akucheza nkhani inkaduka. Wina anachita kunditumizira vesi pafoni usiku.

Ndi manyazi amenewo ndikanakafunsa ndani za kuchipatala? Ndinathera kwa mayi wina amene anthu ankangonong'onezana za iye. Anandipatsa mapiritsi okulunga papepala, opanda dzina, osandifunsa ngakhale kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati.

Usiku umenewo sindidzauiwala. Mapadi anatha, ndinayamba kugwiritsa ntchito thaulo, thaulo nalo linanyowa lonse. Ndinakhala pansi m'bafa nditatsamira khoma chifukwa ndikati ndiime dziko linkazungulira. Thupi moto, koma mano akugundana ndi kuzizidwa. Kuchipinda mwana akulirira bere, mkaka ukuchucha pamalaya, pansi magazi, ine kukanika kukwawa kuti ndikamunyamule. Wamkulu uja anadzuka, n'kudzaima pakhomo la bafa, akundiyang'ana, amvekere amayi mwavulala? Ndinamuuza kuti pita ukadzutse adadi. Mawu ake amenewo amandibwererabe mpaka pano.

Kuchipatala namwino woyamba anangoona mmene ndinalili n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve, akuti awa ndi aja ochotsa dala, adikire. Mzimayi mnzanga ameneyo! Anandithandiza ndi namwino wina wachikulire amene sanandifunse zambiri, anangondiika dripi n'kuthamangira kukaitana adokotala. Anapeza kuti zina zinatsalira m'chiberekero ndipo zinali zitayamba kuwola. Ananditsuka, kundiwonjezera magazi, kundipatsa mankhwala opha tizilombo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndinadzachimva pambuyo pake. Mlamu yemweyo anachotsapo mimba asanakwatiwe, ndipo anapita kwa mayi yemwe uja. Yakeyo akuti linali vuto, yanga ndiye tchimo. Azimayife timatero, achemwali. Pagulu timatukwana, zikatigwera timafunsa chapansipansi kuti kodi mankhwala aja amapezeka kuti. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mimba pafupifupi 73 miliyoni zimachotsedwa padziko lonse chaka chilichonse, ndipo 45 mwa 100 zilizonse zimachotsedwa m'njira zoika moyo pachiswe ngati yangayi. Mukuganiza kuti onsewo ndi atsikana oyendayenda? Ku America, komwe amawerenga bwino zimenezi, pafupifupi 6 mwa azimayi 10 ochotsa mimba amakhala kuti ali kale ndi ana. Ndi ife tomwe, okhala nawo pabenchi imodzi Lamlungu.

Musandimve molakwika, sindikukuuzani kuti mukachotse. Alipo azimayi mugulu muno amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti umenewo ndi moyo, ndipo ine sindilimbana nawo. Amene anandisungira ana ndili m'chipatala anali mmodzi mwa oterowo, anandiuza maso ndi maso kuti sakugwirizana nazo, koma sanakauze munthu. Ameneyo ndimamulemekeza. Anthu ena adzakuopsezani kuti mudzanong'oneza bondo moyo wanu wonse. Ochita kafukufuku wotchedwa Turnaway Study anatsatira azimayi ku America kwa zaka zisanu, ndipo oposa 95 mwa 100 amene anachotsa ankanenabe kuti anasankha bwino. Ine ndili momwemo, ngakhale kuti masiku ena ndimapezeka ndikuwerengera kuti bwenzi pano ali kalasi yanji. Zonse ziwiri zimakhala mumtima umodzi.

Chilichonse chimene musankhe, yambani mwaonana ndi wazachipatala wophunzira. Adziwe kuti mimbayo ili ndi masabata angati komanso ngati ili m'malo mwake, chifukwa ina imakhala kunja kwa chiberekero ndipo imeneyo mapiritsi saichotsa, imatha kuphulika n'kupha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, mufunse zimene akulola komwe muli. Za papepala zopanda dzina, zobaya ndi timitengo, zomwa zowawa, ayi ndithu. Mukaona magazi akudzaza mapadi awiri pa ola limodzi kwa maola awiri otsatizana, thupi likutentha, m'mimba mukupweteka osaleka kapena kukutuluka zonunkha, thamangani kuchipatala ngakhale akutukwaneni, ndipo adokotala muwauze zoona. Za kulera musachedwe nazo, mimba ina imatha kulowa pasanathe masabata awiri.

Ndipo chonde musakhale nokha. Pezani munthu mmodzi woti mumuuze, wogona pafupi, woti akhoza kukunyamulani usiku. Ine akanakhala kuti mwana uja sanadzuke, sindikudziwa. Kungoti musankhe wosalongolola, amene simunamumvepo akukamba za mnzake.

Inu amene mwayamba kale kuponya mavesi m'makomenti umu, kwanga musabwere, ndinalandira okwanira.