Kwa mayi a ku Chitakale amene mwana wawo akuvutika kuwerenga

Mayi, mwati mwana wanu wa Sitandade 4 amayandikiza buku mpaka pamphuno, za pabolodi saziona, ndiye mukufunsa komwe mungapeze mabuku a Braille, zilembo zotukuka zimene osaona amawerenga ndi zala. Nkhani yanu yandikhudza. Mchimwene wanga anasiya kuona ali wamng'ono, njira imeneyi tinaiyenda ndithu.

Braille musaithamangire kaye. Yambirani kuchipatala cha boma ku Mulanje akamuyeze maso. Zikawakulira amatumiza ku Lions, chipatala cha maso cha ku Queens ku Blantyre. Ana ena otere amangofunika magalasi, kapena zilembo zikuluzikulu ndi kukhala kutsogolo m'kalasi. Ena imakhala ng'ala, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni. Zimene adokotala alembe mubuku lakuchipatala muzisunge ngati ndalama, chifukwa kulikonse adzakufunsani zimenezo.

Mukatero pitani kwa ahedi, akulumikizeni ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu) ku ofesi yawo ya TDC, mupemphe mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera. Aphunzitsi amenewa amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi ku Chiradzulu, ndipo ndi amene amadziwa kumene mabuku a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu akupezeka. Osatopa nawo. Ife tinabwezedwa kangapo konse, koma mayi athu sanagwe ulesi.

Zikapezeka kuti akufunikadi Braille, musaope. Chilembo chilichonse chimachokera pa timadontho 6 basi. Ndimakumbukira mchimwene wanga atakhala pakhonde madzulo, akubowola pepala lolimba pa sileti yake kuchokera kumanja kupita kumanzere, go go go, kenako n'kulitembenuza, zala n'kumayenda pamwamba. Ife nyali ikatha mafuta tinkagona, iye n'kumawerengabe mumdima.

Pofika Sitandade 8, ahedi adziwitse a MANEB pa nthawi yolembetsa, chifukwa mayeso amakonzedwanso mu Braille ndi m'zilembo zikuluzikulu. Zimandipweteka kuona mwana wanzeru akulephera chifukwa akuluakulu anaiwala kumulembera zimenezi. Afikireninso a Malawi Union of the Blind, bungwe la anthu osaona, ndi a MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, omwe kale tinkati MACOHA. Ngati pakhomo pali foni ya Android, muli TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa, makamaka zachingerezi.

Pakadali pano asasiye sukulu, chonde. Gulani cholembera chakuda cha maka, mumukopere notsi m'zilembo zazikulu pa pepala loyera, ndipo madzulo wina azimuwerengera mokweza zimene aphunzira tsikulo. Mukabwerako kuchipatala mudzatiuze pano zimene adokotala apeza.